Khungu la Tomato ndi Mpamba wa M'mano

Cutin ndi chimene chimapanga kakhungu kopyapyala kokuta masamba ndi zipatso, koteteza mbewu kuti isaume komanso kuti matenda asalowe msanga. Pa tomato kamadziwika bwino: ndi kaja kamakana kupsa, kamapiringizika mu supu, kenako n'kukakamira pa dzino lakutsogolo la bambo wamba tsiku limene wapatsidwa mwayi wolengeza kutchalitchi. Zaka zonsezi bamboyu wakhala akukatokosa ndi kamtengo ka machesi, osadziwa kuti akulavula mpamba.

Asayansi amaika cutin m'gulu la polyester. Ndi unyolo wa timafuta tokhala ndi maatomu a kaboni 16 kapena 18, ndipo tochuluka mu tomato ndi 10,16-dihydroxyhexadecanoic acid, dzina losayenera kulitchula munthu asanadye. Pofuna kumasula unyolowo, makoko amawiritsidwa m'madzi a soda wopangira sopo, amasefedwa, n'kuthiramo asidi, ndipo pansi pamadikha phala lofiirira. Timphete ta m'phalamo ndito amatilumikizanso kuti papangidwe vanishi kapena pulasitiki wotha kuola.

Ntchitoyi inapita patali ku Italy, m'dera la Parma, kumene mafakitale a tomato wam'zitini amasiya milu ya makoko ndi njere. Polojekiti ya BIOCOPAC, yothandizidwa ndi European Union, inapanga vanishi wopaka m'kati mwa zitini kuti zisachite dzimbiri, m'malo mwa uja wokhala ndi BPA, mankhwala amene akukayikiridwa pa thanzi la anthu. Motero tomato amatha kusungidwa m'chitini chopakidwa khungu lake lomwe.

Uthengawu ukafika kwa bambo wamba umamusintha khalidwe. Nyengo ya mvula, mulu ukatsika kuchoka pa tomato anayi kufika pa atatu, mtengo n'kukwera, basela atamwalira kalekale, iye amadzitonthoza kuti sakugula zothira m'ndiwo ayi, akuoda katundu wa fakitale. Mayi a kunyumba amaletsedwa kutaya makoko. Mswachi umapachikidwa. Ku banki mkhonde akamufunsa chikole, iye amangomwetulira kwambiri kuti komiti idzionere yokha.

Masamu okha ndiwo samukondera. Cutin ali m'khungu mokha, ndipo fakitale imafuna makoko a malole. Pakhomo pogawa tomato mmodzi pawiri, wa masana ndi wa madzulo, jumbo yoyamba ya cutin adzaitola ndi adzukulu. Podikirapo, bamboyu amanyamulabe tomato wake m'jumbo yopyapyala yomwe ija boma linailetsa mu 2015, khothi lalikulu la apilo n'kugwirizana nalo mu 2019.

Ku Parma makoko amapezeka chifukwa tomato wa mlimi ali ndi fakitale yomugula. Ku Lizulu ndi ku Bembeke, tomato akachuluka amaolera m'madengu m'mbali mwa msewu wa M1, khungu ndi mnofu womwe, pamene m'masitolo a m'tauni mwadzaza tomato sosi wochokera ku South Africa. Mayi amene anathirira dimba miyezi itatu sakudikira 10,16-dihydroxyhexadecanoic acid. Akudikira womugula dengu lisanayambe kuchucha.

Vuto limene akatswiri akulimbana nalo n'lotsitsa mtengo wa pulasitiki wa cutin kuti upikisane ndi pulasitiki wochokera ku mafuta apansi. La bambo wamba ndi nkhuku ya aneba, imene imadziwa ola limene katundu wa fakitale uja amayanikidwa pa lichero.