Limba la ku Joni losalira

Alamu anga a ku Joni ndi munthu wabwino, koma mphatso zawo zimafuna munthu wopita kusukulu. Anzawo akamatumiza njinga ndi mabulangete, iwo ananditumizira kiyibodi ya makiyi 25, yopepuka moti mwera utakwiya ukhoza kukaitula ku Nkhata Bay. Ati anamva kuti ndimaimba besi m'kwaya. N'zoona ndimaimba, ngakhale otsogolera kwaya amakonda kundiimika kumapeto kwenikweni, pafupi ndi zenera.

Mbiri inafika kudoko ndisanamasule n'komwe katoni. Anzanga amene timapikula nawo usipa anayamba kunditcha "a polodyusa", ine osakana. Madzulo pakhonde panadzaza. Ndinasamba m'manja, ndinakhosomola pang'ono, n'kudina kiyi. Zii. Ndinadina ina. Zii. Ndinaitembenuza kufuna sipika, palibe ngakhale kabowo kake.

"Abambo, mwina ikuchita manyazi, paja ndi mlendo," anatero mayi a kunyumba, anthu n'kugwa nako kuseka.

Anandipulumutsa ndi mwana wa achemwali anga, amene chilembereni mayeso a Fomu 4 amangokhalira laputopu. "Amalume, imeneyi ndi ya MIDI, siilira yokha," anatero. Ati chimene imatumiza kudzera pa chingwe cha USB si mawu ayi, koma manambala: kiyi imene wadina, nthawi imene waidina ndi kuisiya, komanso mphamvu ya chala chako, imene imathera pa 127. C wapakati nambala yake ndi 60. Kompyuta ndiyo imasandutsa manambalawo kukhala piyano, gitala kapena lipenga. Luso limeneli linayamba mu 1983, Dave Smith wa ku America ndi Ikutaro Kakehashi wa kampani ya Roland ku Japan atalimbikira kuti zida za makampani osiyana zizimvana. Ndinamufunsa kuti akuluakulu anzeru chotero anaiwala bwanji sipika. Sanandiyankhe.

Anatsegula FL Studio, pulogalamu ya ku Belgium imene kale inkatchedwa FruityLoops, n'kuiuza kuti kwabwera kiyibodi. Ndinadina. Inalira! Koma inalira mochedwa, monga umaonera munthu akusema bwato kutsidya la nyanja ya Chia: nkhwangwa yagwa kale, phokoso n'kumabwera pambuyo. Mnyamatayo anati kompyuta imayamba yasonkhanitsa mawu m'kankhokwe kotchedwa buffer isanawatulutse. Kakakula mawu amachedwa, kakachepetsetsa laputopu yokalamba imayamba kuthetheka. Anaikamo kapulogalamu kotchedwa ASIO4ALL, anachepetsa kankhokweko, n'kuyesa yekha. Nyimbo inayenda bwinobwino. Nditakhalapo ine, kuchedwa kunabwereranso.

"Kumeneko si kwa kompyuta, amalume."

Choipa cha chida chimenechi n'chakuti sichisunga chinsinsi. M'kwaya ukasochera umangoyasama, anzako n'kukukwirira. Apa chilichonse chimene wadina chimalembedwa pagalasi ngati timizere, poyera, ana akuona. Timizere tanga tinali tosiyana utali, tina titakwerana, koma pa mphamvu tonse tinagwirizana: 127. Manja ozolowera kunyamula madengu a usipa sadziwa kusisita.

Cholinga changa chinali kupanga kayimbidwe ka malipenga, aja timaonera kumtunda kuno cha ku Dwangwa, amuna atavala zoyera, ng'oma yaikulu ikugunda pachifuwa. Ndinamenya makiyi ndi mtima wonse. Mnyamata uja anamvetsera, anapukusa mutu, n'kudina quantize, imene imakokera kamzere kalikonse pamalo pake penipeni. Ng'oma inawongoka, koma inauma gwa, yosavinika. Apa ndiye ndinapeza polankhulira. Ndinamuuza kuti gule wathu, ngakhale anachokera ku perete wa asilikali, ali ndi kukoka kwake kumene makina a azungu sangakumve, ndipo kuchedwa kwanga kuja n'chikhalidwe chimene.

"Mwanena zoona, amalume," anatero mwaulemu. "Koma woimba ng'oma amachedwa dala, pamalo omwewo nthawi zonse. Inu mumachedwa paliponse."

Anachepetsa mphamvu ya quantize kuti ingokoka pang'ono, ng'oma n'kuyamba kupuma. Kenako anatenga mausi n'kumasuntha timizere tanga kamodzikamodzi, ena n'kufufuta, ena n'kujambula atsopano. Popeza ndi manambala chabe, piyano yanga anaisandutsa log drum ya amapiano popanda kundifunsa kapena kundiimbitsanso. Magetsi atathima anapitiriza ndi batire, ine ntchito yanga n'kukhala youlutsa udzudzu. Pomaliza ndinapempha kuti andionetse gawo langa. Anafufuza kwa kanthawi, n'kuloza kamzere kamodzi chakumapeto, kamene anati wakasiya chifukwa cha ulemu.

Nyimboyo inakaimbidwa pa chinkhoswe cha mwana wa aneba, ndipo anthu anavina mpaka fumbi koboo. Woyendetsa mwambo analengeza kuti mwini nyimbo ali pomwepo. Ndinaimirira, ndinagwedeza dzanja, amayi n'kululutira, wina mpaka kundifupa K500. Mayi a kunyumba anangoyang'ana kumbali. Zonse zikanatha bwino pakanapanda mkulu wina wa mpingo, amene anabweretsa kiyibodi ya kutchalitchi, ija yokhala ndi sipika zake, kuti a polodyusa atiimbireko pamaso pa anthu.

Ndinawaonetsa chala chimene munga wa kampango unandibaya chaka chatha.