Fyuzi Imene Sindinagule

Aneba athu kuno ku Chawama amadziwa kuti batire lathu linapsa lokha. Ndine ndinawauza choncho, ndipo linali bodza.

Munali mu October 2024. Mvula inali itakana, moti pa 29 February chaka chimenecho Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a ku Kariba anatsika, ndipo pofika September malaiti ankabwera maola atatu okha pa tsiku. Mkazi wanga amagulitsa maayisibuloko kwa ana a sukulu, ndipo ndalama ya lendi imachokera m'menemo. Firiji ikazima, katundu yense ankasungunuka ife tikuona.

Nditalandira chilimba ndinapita ku Kamwala. Ndinagula panelo ya sola, batire la mavoti 12, kontirola ndi invata. Mnyamata wa m'sitolo ananditulutsira waya wonenepa ngati chala, pamodzi ndi fyuzi. Ndinakana zonse ziwiri, poganiza kuti akungofuna kundimalizira ndalama. Kunyumba ndinali ndi waya wotsala wa mamilimita 1.5, uja wa mababu. Mumtima ndinkati mavoti 12 ndi chiyani, batire la galimoto timaligwira ndi manja osamva kanthu.

Ndinalumikiza ndekha Loweruka masana. Mawaya ndinangowapota ndi zala n'kukulunga ndi tepi yakuda. Batire ndinaliika m'chipinda chogona poopa akuba, pafupi ndi matiresi a mwana wathu wa zaka zinayi. Mkazi wanga atafunsa ngati munthu wodziwa anaona ntchitoyo, ndinati eee, waona.

Kwa masiku asanu firiji inalira, fani inazungulira, ana a aneba anadzaonera TV. Tsiku lachitatu ndinagwira waya wa pakati pa batire ndi invata, ndinamva ukufunda. Ndinauza mtima wanga kuti ndi kutentha kwa October.

Usiku wa Lachinayi ndinadzidzimuka mkazi wanga akundigwedeza.

"Inu! Dzukani, mwana!"

M'chipinda munali utsi wakuda wonunkha pulasitiki. Waya unali psu ngati khala, nsalu yotchinga pakati itayamba kale kuyaka. Iye ananyamula mwana n'kuthamangira panja. Ine ndinagwira waya uja ndi dzanja kuti ndiuzule, ndipo chipsera chake ndili nacho. Unaduka wokha utapsa. Moto wa pansalu tinauthira mchenga.

M'mawa ndinaitana mkulu wina wa ku mpingo kwathu amene wakalambira pa ntchito ya mawaya. Anayang'ana nthawi yaitali osayankhula. Kenako anati, "Mwana wanga, fyuzi ili kuti?"

"Palibe, atate."

Anatola kamtengo n'kundilembera pansi. Firiji, fani ndi TV zikamakoka mawati 400, ku soketi ya mavoti 230 kumadutsa maampu osakwana awiri. Koma kuti batire la mavoti 12 lipereke mphamvu yomweyo, pa waya wake pamadutsa maampu oposa 30. Waya wanga sunapangidwire katundu wotero. Unkafunda tsiku ndi tsiku mpaka chikopa chake chinasungunuka, wofiira ndi wakuda n'kugundana. Zikatero batire limakhuthula maampu mazanamazana nthawi imodzi, ndipo choimitsa ndi fyuzi yoikidwa pafupi penipeni ndi mutu wofiira wa batire. Ija ndinaisiya pa kauntala ku Kamwala.

Anakwera padenga, napeza waya wa panelo ukukhuzika pa mphepete yakuthwa ya lata. Anaphimba panelo ndi bulangete asanaugwire, chifukwa dzuwa likangowala panelo imatulutsa magetsi, ilibe potsekera. Za batire m'chipinda anandidzudzula kwambiri: la asidi likamatchajidwa limatulutsa mpweya umene ungaphulike ndi kamoto kakang'ono.

Mkazi wanga anamva zonsezi ataima pakhomo. Sanandifunse za munthu wodziwa uja. Ndinamuuza ndekha madzulo ake, ndipo kwa sabata yathunthu ankagona ndi mwana kwa achemwali ake ku Kanyama.

Dzulo bambo a nyumba yoyandikana nafe anabwera ndi invata yatsopano m'katoni, kudzandipempha kuti ndikawalumikizire, poti amati ndimazitha. Ndinawalowetsa m'chipinda. Ndinawasonyeza mwaye umene udakali pakhoma, pamwamba pa malo pamene pankakhala mutu wa mwana, ndipo ndinawauza kuti batire lija silinapse lokha.