Khoswe wa pamkhate wavala tayi

Agogo anga akaona mwana wa amfumu akuthyola nzimbe m'dimba la eni ake popanda womukwapula, ankangopukusa mutu n'kunena kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ukaponya chibonga khoswe athawa, mkhate usweka, madzi atayika, mlandu n'kukhala wako. Khoswe uja anasamuka kumudzi. Masiku ano ali ndi ofesi ku City Centre, amagona ku Area 10 kapena 43 kuseri kwa mpanda wa waya wamagetsi, ndipo mkhate womwe wakhalirawo amautcha "ntchito za anthu" ndi "msonkho wa boma".

Taonani chibonga chomwe tinamusemera. Lamulo la mpikisano pa malonda la 1998 linaika chindapusa cha K500,000, kapena ndalama yofanana ndi phindu lomwe wolakwayo wapeza ngati lapitirira pamenepo. Nthawi imeneyo K500,000 inali ndalama yoti munthu n'kutuluka nayo thukuta, yoposa madola 10,000. Koma kwacha yakhala ikuonda ngati galu wa m'chaka cha njala. Mu 2022 anaigwetsa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, chindapusa chili phee pomwe anachisiya, mpaka sichinkafikanso madola 300. Matayala anayi a galimoto ya bwana sangatuluke pamenepo.

Ndimayerekeza mmene uthenga wotere unkafikira pansanjika yam'mwamba.

"Bwana, atilipiritsa K500,000."

"Patsiku?"

"Ayi bwana, yonse ndi yomweyo."

"Nanga mwanditulutsiranji mumsonkhano? Tengani pa ndalama ya tiyi."

Sikuti a bungwe loona za mpikisano pa malonda la CFTC ankangogona. Mu 2021 anakunga dzanja n'kulamula Airtel Malawi kulipira K2.1 biliyoni pa nkhani ya bonasi ya Khethekhethe, ponena kuti makasitomala ena oyenera kuilandira sanailandire. M'maminibasi tinaomba m'manja. Koma khoswe wamakono sayenda yekha, amayenda ndi loya. Nkhani inapita kukhothi, ndipo mu 2023 Khothi Lalikulu linagamula kuti lamulo lakale lija silinapatse bungwelo mphamvu yolipiritsa lokha chindapusa. Zaka zonsezi timati tanyamula chibonga, chonsecho linali phesi la chimanga.

Aphungu anabwerera kukasema china. Lamulo latsopano, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 2024, limalola bungwelo kulipiritsa kampani mpaka 10 peresenti ya ndalama zonse zomwe yalowetsa pachaka. Apa ndiye pali nzeru, chifukwa chibonga chikukula molingana ndi mimba ya khoswe, ndipo kwacha ikagwa sichigwa nayo. Nkhawa yanga ndi imodzi: agogo sanatiuze kuti khoswe wina akamenyedwa amangokweza mtengo, bala lake n'kutupira m'thumba la wogula. Inenso wa mayunitsi a K500 ndine mbali ya mkhatewo, ngakhale palibe anandifunsa.

Tsiku lina ndinatsikira ku Old Town kukagula ndiwo. Cha ku Malangalanga kuli mayi amene ndimagulako tomato, beseni pansi, diso limodzi pa kasitomala, lina kumsewu. Dzulo lake anali atathamangitsidwa chifukwa chogulitsira pamalo oletsedwa. Beseni linapita, tomato anapita, mpamba wonse unathera pompo, moti wa tsikuli anachita kukongola katapila. Iwo alibe mkhate wokhalira, alibe loya, ndipo mlandu wawo unayamba n'kutha pasanathe mphindi zitatu.

Pofuna kuwasangalatsa ndinawauza kuti tsopano makampani akuluakulu nawonso aziona zakuda, azilipira mpaka 10 peresenti.

Anandiyang'ana, n'kuponya tomato mmodzi wa basera m'jumbo langa.

"Teni? Achimwene, ife amatitengera handiredi. Ndi beseni lomwe."