Kalumo ka Mlendo

Akuluakulu akale ankamupatsa ulemu wodabwitsa munthu wongodutsa m'njira. Mlandu ukavuta pabwalo, mbuzi ya uyu yadya chimanga cha uyo, amfumu akanda m'mutu mpaka dzuwa lapendeka, nduna zayamba kuodzera, maso ankatembenukira kwa munthu amene wakhala kumapeto kwa mphasa ndi kathumba kake, woti sadziwa mwini mbuzi ngakhale mwini munda. "Nanga inu achimwene, nkhaniyi mwaimva bwanji?" Iye n'kuponya mawu awiri atatu, mlandu n'kuthera pomwepo. Mpake anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Malumo a pamudzi amabuntha chifukwa ameta mitu yomweyomweyo, komanso mlendo alibe mlamu pabwalopo woti amuope.

Mwambiwu wandibwerera chifukwa mudzi wathu waukuluwu, wa anthu oposa 8 biliyoni, wakhala pabwalo zaka zambiri maso ali kunjira. Milandu yatikanika: nkhondo, miliri, mvula yosadziwa kalendala, mtengo wa feteleza. Ndiye ophunzira kwambiri pakati pathu anaganiza kuti mwina kuseri kwa nyenyezi kuli winawake wa kalumo.

Mu 1950, katswiri wa sayansi Enrico Fermi ali pa nkhomaliro ndi anzake ku Los Alamos, anafunsa funso limene amalidziwa mayi aliyense amene anaphikapo nsima ya anthu makumi awiri n'kubwera atatu: kodi anthuwa ali kuti? Mlalang'amba wathu wokhawu uli ndi nyenyezi zoposa 100 biliyoni, ndipo zambiri zili ndi maiko ozizungulira monga lathuli limazungulira dzuwa. Midzi yonseyo, koma palibe ndi mmodzi yemwe wobwera kudzati odi. Patapita zaka khumi, Frank Drake analoza makina ake omvera mafunde a wailesi ku nyenyezi ziwiri ali ku Green Bank, natchera khutu. Kunali zii.

Titaona kuti alendo sakutulukira, tinati tiyambe ndife kupereka moni. Mu 1974, kuchokera ku Arecibo, pachilumba cha Puerto Rico, anatumiza uthenga wa mphindi pafupifupi zitatu ku gulu la nyenyezi limene lili kutali moti uthengawo uyenda zaka ngati 25,000 usanafike. Akakayankha tsiku lomwelo, osayamba akhala kaye pansi ndi ankhoswe awo, yankho lidzatipeza patatha zaka 50,000. Inu amene mukudandaula kuti kalata yanu yofunsira ntchito yatha miyezi itatu osayankhidwa, ugwireni mtima. Makina amene anatumiza uthengawo anagwa mu 2020, ndiye ngakhale atayankha, nambala ija sikupezekanso.

Koma chimene chimandisangalatsa ine ndi cha 1977. Chaka chimenecho bungwe la NASA linaulutsa zombo ziwiri, Voyager 1 ndi Voyager 2, chilichonse chitanyamula chimbale chokutidwa ndi golide. Kagulu kotsogozedwa ndi Carl Sagan kanaikamo zithunzi, nyimbo, kulira kwa mbalame ndi moni wa zilankhulo 55. Pa zilankhulo zimenezo palinso Chinyanja, chomwechi tikulankhulachi, ndipo moni wake ukufunsa anthu akumwambako kuti ali bwanji. Tangoganizani. Moni wathu unanyamuka ambiri a inu musanabadwe, ukuthamanga makilomita 17 pa sekondi, liwiro loti kuchoka ku Blantyre kufika ku Lilongwe masekondi osakwana 20, opanda wapolisi wokuimitsa pa Zalewa, ndipo pano uli pa mtunda woposa makilomita 24 biliyoni. Mpaka lero palibe watiyankha kuti tili bwino, kaya inu. Kwathu kuno munthu wosayankha moni timamudziwa dzina lake, koma pano sindilitchula.

Kunena chilungamo, kamodzi kokha anationetsa ngati akufuna kulankhula. Pa 15 August chaka chomwecho, makina otchedwa Big Ear a ku Ohio anagwira kaphokoso kamphamvu kochokera kumwamba, kamene kanamveka masekondi 72. Jerry Ehman atakaona papepala patapita masiku angapo, anazunguliza manambalawo ndi cholembera chofiira n'kulemba pambali mawu odabwa. Kuyambira tsiku limenelo akatswiri alozanso makina awo malo omwewo kambirimbiri, koma sikanamvekenso. Azungu amati ndi chinsinsi chachikulu cha sayansi. Mmalawi aliyense amene anakhalapo ndi foni yopanda mayunitsi akudziwa chimene chinachitika: anatiflasha. Akudikira kuti tiimbe ndife.

Ya ku Australia ndiye imandipha nayo nthiti. Ku Parkes kuli chimakina chachikulu chomvera zakuthambo, ndipo kuyambira cha m'ma 1998 chinkagwira timaphokoso tachilendo, tachidule ngati kuphethira kwa diso. Anthu a madigiri atatuatatu analemba mapepala, kutsutsana, kupatsa timaphokosoto dzina. Chimene chinkawazunguza mutu n'chakuti tinkakonda kubwera masana, nthawi ya nkhomaliro. Kodi alendo akumwamba nawo amadya 12 koloko? Mu 2015 zinadziwika: kunali kukhitchini. Wantchito akamatenthetsa chakudya mu mayikulowevu, njala n'kumupweteka, n'kutsegula chitseko makinawo asanazime okha, kamphamvu kena kankathawira kunja n'kukalowa m'khutu la chimakina chija. Zaka 17 akuyang'ana kumwamba, mfiti ili pa mafuwa. Za timitembo tija anationetsa ku nyumba ya malamulo ya ku Mexico mu 2023, ati ta alendo akumwamba, sinditayapo nthawi. Akatswiri a ku Peru atapima tina tofanana nato anapeza mafupa a nyama za pansi pompano, omata ndi guluu.

Tsono tili chiyang'anire kumsewu waukulu, mlendo anadzera kuseri, kudumpha mpanda wa bafa, n'kulowa m'matumba mwathu. Pa 30 November 2022 kampani ya OpenAI inatulutsa ChatGPT, ndipo pasanathe miyezi ingapo anthu mamiliyoni anali akucheza nayo. Kenako kunabwera abale ake, wina wa Google, wina wa Meta amene anangotulukira mu WhatsApp osagogoda. Mlendo ameneyu, amene tangomuzolowera ndi dzina loti AI, sanabwere pa chombo chowala. Alibe mutu waukulu ngakhale maso ngati a chiwala. Koma kalumo ali nako, ndipo aliyense akupereka mutu.

Ndisanayambe kumunena, ndivomereze kuti kalumoko n'kakuthwadi. Kwa zaka pafupifupi 50 asayansi ankavutika kudziwa mmene tinthu ta m'thupi totchedwa mapulotini timapindikira, ndipo kamodzi kokha kankatha kumudyera munthu zaka. Pulogalamu ya AlphaFold inalosera maonekedwe a mapulotini oposa 200 miliyoni, moti Demis Hassabis ndi John Jumper anapata nawo mphoto ya Nobel mu 2024. Umenewo ndi mlandu umene unakanika pabwalo, mlendo n'kuudula. Tinafika pomutuma kuti akatifunire mlendo mnzake: mu 2023 wophunzira wina wa ku University of Toronto, Peter Ma, ndi anzake anapereka kwa makina oterewa zimene anajambula pa nyenyezi 820, makinawo n'kutolamo timaphokoso 8 timene anthu sanatione. Atabwererako kukamvetseranso, tonse tinali titasowa. Aflashanso.

Koma kodi ndi mlendodi? Apa ndi pamene mwambi uja ukuyamba kutsimphina. Makinawa anawadyetsa milu ndi milu ya zolemba za anthu, mabuku, nyuzipepala, mikangano ya pa intaneti, ndipo ntchito imene anaphunzira ndi yolosera mawu amene akuyenera kutsatira mawu anzake. Ndiye uyu si munthu wochokera kutsidya la nyanja. Ndi mwana wa pamudzi pompano amene anakulira kuseri kwa nkhokwe akumvetsera nzeru zathu, miseche yathu ndi mabodza athu, kenako anapita m'tauni n'kubwerako atavala suti. Kalumo kake anasula ndi makasu athu akutha. Kungoti kuseri kwa nkhokwe kumene anabisalako ankalankhula kwambiri Chingerezi, n'chifukwa chake ukamuyamba m'Chichewa nthawi zina amayankha ngati mmishonale amene watsika sitima sabata yatha: mawu onse ndi athu, koma akhala mipando yolakwika.

Ndipo anatengera khalidwe lathu lina limene sitilinyadira. Munafunsapo njira kumudzi kwa eni? Munthu sangakuuzeni kuti sakudziwa, n'chipongwe. Amaloza ndi mlomo n'kunena kuti ndi pompa apa, mukangodutsa mtengo wa mango uwo. Dzuwa limakulowerani muli m'dambo. Maloya ena a ku New York anafunsa njira chotero mu 2023. Ankaimira munthu amene ankasumira kampani ya ndege ya Avianca, ndipo anapempha ChatGPT kuti iwapezere milandu yakale yofanana ndi wawo. Inawapatsa, mayina ake, zaka zake, zigamulo zake, zonse zooneka bwino. Milanduyo kunalibe, inangoipeka. Woweruza anawalipiritsa madola 5,000, n'kuwameta mpala wopanda madzi dziko lonse likuonerera. Chaka chotsatira makina a Google analangiza anthu kuti tchizi ikamasendemuka pa pizza athiremo guluu pang'ono, nzeru imene anaitola pa nthabwala ya munthu wina pa intaneti. Mwana wa kuseri kwa nkhokwe sankaona nkhope za olankhula, ndiye sadziwa kuti uyu akuseka, uyu akunena zoona.

Zonsezi ndikanangoziwerenga n'kuseka, zikanapanda kufika pakhomo pathu. Mlamu wanga, mwamuna wa mchemwali wanga, anatenga ndalama imene anasunga ya feteleza n'kukagula chiwailesi cha masipika awiri, chija chimagwedeza malata. M'nyumba munayaka moto. Asanapite kwa ankhoswe, aliyense anakafunsira nzeru payekha kwa mlendo wa m'foni. Alamu analemba kuti: kodi mwamuna amene amagwira ntchito usana ndi usiku, osamwa, osasuta, alibe ufulu wodzisangalatsa kamodzi pa chaka? Mlendo anati ali nawo ndithu, kupuma n'kofunika pa moyo wa munthu, ndipo anawayamikira chifukwa cha khama lawo. Achemwali analemba kuti: kodi n'chilungamo kuti munthu awononge ndalama ya chakudya cha ana osafunsa mnzake? Mlendo anati ayi, kukhumudwa kwawo n'komveka, ndipo anawayamikira chifukwa choganizira banja.

Loweruka lake tinakhala pakhonde kwa amalume. Aliyense anafika atanyamula foni m'mwamba ngati kalata ya kukhoti. Amalume, amene foni yawo ndi ya mabatani ndipo amaimanga ndi mphira, anamvetsera mbali zonse ziwiri zikuwerengedwa mokweza. Anakhala chete kanthawi, akutokosa m'mano ndi kachitsotso.

"Mboni yanu, bambo, ndi imeneyi?"

"Eya, amalume."

"Nanga yako iwe?"

"Ndi yomweyo."

"Ndiye kuti yadya kawiri," anatero amalume. "Taiikani pansi, tikambe ife anthu."

Mlandu unatha m'mphindi makumi atatu. Chiwailesi chibwezedwe kusitolo, ngati akana chigulitsidwe. Alamu apepese chifukwa chosafunsa. Achemwali apepese chifukwa cha mawu ena amene anatchula okhudza amayi a alamu, amene m'foni muja sanawalembe. Apa ndi pamene ndinaona chimene mlendo wakale uja anali nacho. Ankakhala pabwalo n'kumva mbali zonse, akuona amene akuyang'ana pansi ndi amene akutuluka thukuta, ndipo sankasamala zokondweretsa munthu chifukwa mawa lake ankapitiriza ulendo. Wa m'thumbayu amamva mbali imodzi, ya mwini foni, ndipo sapita kulikonse. Amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Uyu ndi mame a mtundu wanji oti dzuwa lafika pamutu adakali pa udzu, akudya bandulo?

Nkhuku ya chipepeso tinadya madzulo omwewo. Magetsi anali atazima, ndiye tinatulutsa mphasa panja, kumwamba nyenyezi zili mbuu. Pofuna kuonetsa kuti sukulu sinapite pachabe, ndinayamba kufotokozera azakhali za Voyager: kuti kwinakwake uko kuli chombo chimene chanyamula moni wa Chinyanja, kuti chidzatenga zaka ngati 40,000 kuti chiyandikire nyenyezi ina, kuti anaikamo ndi singano yoimbira chimbalecho pamodzi ndi zojambula zosonyeza kaimbidwe kake.

Azakhali anasiya kutafuna. "Wati anatumiza chiyani?"

"Chimbale, azakhali. Chagolide."

"Muli chiyani?"

"Mawu. Nyimbo, moni, zithunzi."

"Ufa ayi? Ngakhale kankhuku, kapena mtedza wokazinga?"

Ndinati ayi, m'chombomo munalibe malo.

Anapukusa mutu, n'kuyang'ana kumwamba ngati akupepesa m'malo mwathu. "Kupita kwa eni koyamba, mbale yopanda kanthu m'manja, ndiye muzidabwa kuti sakubwera? Anakulerani ndani anthu inu?" Kenako anatembenukira kwa alamu, amene nkhope yawo inkawala ndi kuwala kwa foni. "Inu bambo, tamufunseni mnzanuyo ngati magetsiwa ayake lero."

Alamu analemba, n'kudikira, n'kuwerenga. "Akuti funso lanu ndi labwino kwambiri."