Galimoto Ikakana Kulira ku Ching'ambo, Batire Muyiyang'ane Komaliza

M'mawa wa mu Julaye, chifunga chakuta Mzuzu yense, inu mwapotokola kiyi koma galimoto yangoti zii. Choyamba kupulumutsa ndi ulemu wanu, galimoto ibwera pambuyo. Tsegulani boneti, gwirani m'chiuno, pukusani mutu. Kaya mukuyang'ana chiyani, zimenezo n'zanu.

Mukatero dzudzulani mafuta. Chiyambire 2022 takhala tikugona pa mizere ya petulo, choncho aliyense ku Ching'ambo avomera kuti wa m'zigubu uja anali wosakaniza. Pakapezeka wina wonena kuti galimoto yopanda mafuta imazunguza injini bwinobwino, kungoti siyaka, ndipo yanuyi siyikuzunguza n'komwe kotero vuto ndi la magetsi, ameneyo mum'funse ngati kwawo kuli ndi njinga yomwe.

Musamvetsere zimene galimoto ikunena, chifukwa imanenatu, ndipo ikhoza kukuchotserani mwayi wowononga ndalama. Ikamati tha-tha-tha mofulumira, magetsi a pa dashibodi akuphethira, ikutanthauza kuti moto wa batire ndi wochepa kapena sukudutsa pa mitu yake. Ikati tha! kamodzi, nyali zikuwalabe bwino, nthawi zambiri ndi sitata. Ikangokhala chete, mwina ndi fyuzi, mwina ndi kabatire ka m'kiyi pa zodina batani zija, mwinanso giya munayisiya pa D dzulo mukuthamangira nsima, pomwe galimoto ya otomatiki imalira pa P kapena pa N basi. Za giyazi mayi a kunyumba akhoza kuziona ali pakhonde. Musawalole kuyandikira.

Pali kuyesa kwina kosalira ndalama: kuyatsa nyali zakutsogolo n'kupotokola kiyi. Zikafooka mpaka kuzima, mlandu uli pa batire kapena mawaya ake. Kuyesa kotere n'kwa anthu osauka. Palinso kachipangizo koyezera moto, kotchipa kuyerekeza ndi batire yatsopano. Kakasonyeza mavoti 12.6 injini itazima, batire ili bwino, pa 12.0 yatsala madzi amodzi. Injini ikulira kayenera kusonyeza pakati pa 13.5 ndi 14.5, apo ayi alitaneta siyikutchaja. Musakagule kameneka, kamathetsa mikangano msanga.

Batire yanu ndi yosalakwa. Inabwera ndi galimotoyo kuchokera ku Japan, inatsikira ku Dar es Salaam, inadutsa pa Songwe n'kukwera Chiweta osadandaula. Zoti batire yokalamba imafooka kukazizira, komanso zoti kaulendo kochoka ku Ching'ambo kukafika m'tauni n'kakafupi moti alitaneta siyibwezeretsa moto umene sitata yadya, ndi nkhani za m'mabuku. Pitirizani kuyizula usiku uliwonse magetsi akazima kuti mutchajire mafoni a nyumba yonse. Pobwezeretsa m'mawa musavutike ndi sipanala, ingokhomani mutuwo ndi mwala, ukamagwedera mulowetsepo msomali.

Pa mitu ya batire pamakhala ufa woyera, nthawi zina wobiriwira. Ufa umenewu ndiwo umatseka njira ya moto, ndipo umachoka ndi madzi otentha, soda wothira m'therere ndi kamswachi kakale, kenako n'kumanga nati ndi sipanala ya nambala 10. Ntchito ya mphindi zochepa, ndipo n'chifukwa chake siyoyenera munthu wa udindo wanu. Mukafotokoza bwanji ku ofesi kuti mwachedwa chifukwa cha nati?

Pofika pano khamu lasonkhana, poti mutu umodzi susenza denga. Mverani aliyense. Mmodzi anena kuti, “Adada, iyi ndi kompyuta, yatha basi.” Wina akumbutsani kuti alamu anu anaigwira pa chitseko tsiku la chinkhoswe, akuyamikira mopitirira muyeso. Mfundo imeneyi ndi yolemera, muisunge, idzagwira ntchito pa Khirisimasi. Kenako wina afuula kuti tiyeni tiikankhe.

Vomerani msanga. Sienta, Freed ndi Passo zambiri zodzaza m'misewu ya Mzuzu ndi za otomatiki, ndipo otomatiki siyilira pokankha ngakhale mutaitsetsereka mpaka ku Nkhata Bay, chifukwa matayala ake sangazunguze injini yozima. Yokankha ndi ya kilatchi, pa giya yachiwiri. Koma anyamata abwera kale, ena asiya kabaza wawo, ndiye aloleni atuluke thukuta. Dziwani kuti injini ikazima buleki imalimba ndipo chiwongolero chimalemera, kotero mukafika kumunsi mofulumira kuposa mmene mumaganizira. Galimoto imene inafera pakhomo tsopano yafera m'matope, pamene anthu ambiri angaione. Apatseni anyamatawo ya tiyi.

Woyendetsa takisi wachifundo akaima ndi mawaya ojampira, mulandeni mawayawo mulumikize nokha. Iye anena kuti wofiira upite pa + ku mabatire onse awiri, wakuda uchoke pa − ya batire yamoyo n'kukaluma chitsulo cha injini yakufayo. Inu mitundu musaiwerengere. Mukasemphanitsa mumva kafungo ka fyuzi yopsa, mwina ndi kompyuta yomwe, ndipo mkulu uja ananena za kompyuta akhala kuti analosera. Galimoto ikalira, zulani mutu wa batire injini ikuyenda kuti muone ngati alitaneta ikutchaja. Anthu ankatero pa ma Peugeot 504 a makolo athu, ndipo pa galimoto zamakono ndi njira yachidule yootchera zimene zinatsala.

Tsono zikapezeka kuti ndi sitata ndithu, tumani mphwanu aigogode pang'ono ndi sipanala inu mukupotokola kiyi. Izi zimathekadi: mabulashi a mkati akatha sakhudza bwino, ndipo kugogodako kumawasendeza kuti agwire kanthawi. Makaniki angakuuzeni kuti musinthe mabulashiwo sabata yomweyo sitata isanaferetu. Ndalama zimenezo sungani. Mphwanuyo muzingomutenga kulikonse, ku tchalitchi, ku Zigwagwa, ngakhale ku ukwati, ndipo pomugulira suti musankhe yakuda, poti kuti afike pa sitata ayenera kugona pansi.