Ulemu kwa MAX, Wolonga Ufumu wa Manambala

Pa antchito onse a mu Excel, palibe wodzichepetsa ngati MAX. Dzina lake ndi zilembo zitatu basi, salandira alawansi, ndipo sapempha ya fanta. Mungolemba =MAX(B2:B61) n'kudina Enter, iye wayendera kale timabokosi tonse 60, wakubweretserani nambala yoposa zinzake. Aphunzitsi amene ankayendetsa chala pa mndandanda wa malikisi, kusokonezeka pakati n'kuyambiranso, ndiwo angachitire umboni.

Musamuone kuchepa, ndi gogo ameneyu. Analipo kale mu VisiCalc, pulogalamu ya Dan Bricklin ndi Bob Frankston imene inatuluka mu 1979 pa kompyuta ya Apple II, ndipo kumeneko ankalembedwa @MAX. Anadutsa mu Lotus 1-2-3 mu 1983, n'kukhazikika mu Excel kuyambira 1985. Zaka zoposa 40 pa mpando umodzi, osakwezedwa, osanyanyala ntchito.

Koma chimene ndimamutamira kwambiri n'chakuti safunsa mafunso. Enafe tikaona mwana wapeza 780 pa mayeso a malikisi 100, timayamba kukanda m'mutu. MAX alibe nsanje yotero. Chala cha aphunzitsi chinaterereka pa ziro? Imeneyo si nkhani yake, 780 ndi wamkulu, alandire ufumu. Mukakokera malire mpaka pa mzere wa pansi, pamene pali chiwonkhetso cha malikisi onse, iye alonga chiwonkhetsocho ufumu, ndipo palibe mwana angapikisane nacho. Deti likalowerera ndiye amasangalala zedi, chifukwa Excel imasunga masiku ngati manambala owerengedwa kuchokera mu 1900. Tsiku la 1 Januwale 2024 kwa iye ndi 45292, ndiye woyamba m'kalasi ndi Chaka Chatsopano. Ngakhale mizere imene munaibisa kuti abwana asaione, iye amaiwerenga ndithu. Chilungamo chotere mungachipeze kuti?

Ndi wamwambo, ndipo wobwera atavala zosayenera samulowetsa pabwalo. Nambala imene kompyuta yaitenga ngati mawu, ija imakhala ndi kachizindikiro kobiriwira pakona, amaidutsa ngati sakuiona, ngakhale itakula bwanji. Msungichuma akalemba K250,000 motsogoza K ndi dzanja lake, kawirikawiri ndalamayo imasanduka mawu, ndipo ngongole yaikulu ya gulu imakhala ya mayi amene anabwereka 8000. Wolembedwa 95% naye asadzitame, poti m'kati ndi 0.95 chabe, ndipo wa 12 amamugonjetsa. Onse akakhala mawu okhaokha, MAX sakalipa, sachenjeza. Amangolemba 0 mwaulemu, inu n'kupita nayo ku msonkhano.

Amakhumudwa pa chinthu chimodzi chokha. Kabokosi kamodzi kakakhala ndi uthenga wa cholakwika ngati #DIV/0!, iye amabweza #DIV/0! yemweyo, ena 59 aja achite kudikira mpaka mlandu wa mnzawo utatha.

Pa kusunga chinsinsi ndiye alibe mnzake. Akuuzani kuti wopambana wapeza 91, koma dzina lake sangatchule. Kuti mulidziwe muyenera kulemba ganyu INDEX ndi MATCH, ndipo awiri akalingana malikisi, MATCH amaloza amene ali pamwamba pa mndandanda n'kusiya winayo. Ngati mayina anasanjidwa motsata alifabeti, a Banda amapita ndi mphotho, a Zulu n'kumawombera m'manja. Za wachiwiri ndi wachitatu musamufunse n'komwe, amenewo ndi anthu a LARGE. Mukafuna woyamba pa atsikana okha kapena pa Fomu 4 yokha, mupite kwa mdzukulu wake MAXIFS, amene anabwera ndi Excel 2019. Pa kompyuta ya mu ofesi imene ikadali ndi Excel 2010, mdzukuluyo akangotchulidwa, pamatuluka #NAME? kusonyeza kuti pamudzi pano sakudziwika.