Mutu wa chambo munausiyiranji?

Khalani pansi nonse atatu. Iwe mwamuna wanga, foniyo ilowe m'thumba. Mkazi mnzanga, sendera kuno, kuseri kwa nkhokweko ndikukuona bwinobwino. Ndipo iwe wamng'ono, amene unandionetsa kanema uja, usanjenjemere, palibe akukhudze ine ndili pano.

Ndamva, ndipo ndaona ndi maso angawa, kuti Loweruka lapitali awiri inu munanyamuka kuno kwa Ngokwe, kabaza mpaka pa Ntaja, minibasi mpaka ku Liwonde, kukadya chakudya chamadzulo. Kukadya! Kunalibe maliro, kunalibe ukwati, kunalibe sadaka. Pano munasiya ufa woyera wongochoka kumene kuchigayo, matemba a ku Chiuta otendera, ndi mpunga wakudambo umene munalima nokha ndi misana yanuyo. Munadutsa zonsezi kukalipira munthu wosamudziwa kuti akuphikireni, n'kulipiranso pakhomo kuti anyamata ena akusokosereni muli kudya.

Nsima ili ndi mwambo wake, adzukulu anga. Madzi osamba m'manja amayambira kwa wamkulu n'kumatsika. Munthu akamadutsa panjira timamukuwira kuti, "Tiyeni kuno, tadyani nafe," ndipo iye amayankha kuti wakhuta ngakhale m'mimba mukulira. Pamenepo ndiye timaitananso kachiwiri. Nanga pamalo panu paja, pamene sipika yake ndi yaitali kuposa chitseko cha nyumba yanga, munthu angaitane bwanji mnzake? Mu kanema muja ndinaona mwamuna wangayu atatsamira pa khutu la mtsikana wina, mitsempha ya pakhosi ili njo, ine n'kumati kapena akufunsira mbeta. Wamng'onoyu akuti ayi, amapempha mchere. Za mtsikanayo tikambirana patokha. Ine mkazi wamkulu ndili moyo, ndipo palibe anabwera kudzandipempha chilolezo.

Nkhuku ija munadya, anachinja ndani? Munafunsa? Kuno kwathu, ngakhale Mkhristu akamakonza phwando amaitana shehe, kapena mnyamata wa kumzikiti, kuti adzachinje mbuzi ndi nkhuku, kuti aliyense wobwera adye mtima uli m'malo. Inu munangoona kantchafu katagona pa tchipisi, pambali pali timasamba ta kabichi tosaphika, basi mwayamba kujambula. Kabichi wosaphika! Amayi anu atakupatsani zimenezo pano mungathawire kwa mfumu kukadandaula.

Koma zonsezi ndikanakhululuka. Chimene chandisowetsa tulo ndi mbale ya mkazi mnzangayu. Anakubweretsera chambo chathunthu, chong'amba pakati, chokazinga bwino mpaka zipsepse kuuma kuti gwa. Iwe n'kutenga foloko. Unachitokosa apa, kuchitokosa apo, kutola kamnofu ka pamsana, kenako kukankhira mbale kumbali. Mutu uli pomwepo, maso akukuyang'ana. Mnyamata woperekera zakudya anabwera n'kuunyamula, ndipo ndikukhulupirira kuti kukhitchini kuja anakudalitsa. Mwana wa kunyanja iwe, wobadwira pamene fungo la makumba owamba limalowa mpaka m'bulangete, sudziwa kuti nsomba ili kumutu? Umayamba ndi mnofu wa m'masaya, uja wofewa. Kenako diso. Kenako umaswa chigaza ndi mano a m'mbali n'kuyamwa pang'onopang'ono, minga ukuika pambali pa mbale mwaulemu, mpaka mphaka akabwera apeze kuti palibe chake. Agogo ako aamuna ankatha mutu umodzi nthawi imene ena atha mitanda itatu ya nsima, ndipo pa nthawiyo munthu sunkawayankhulitsa.

Komanso chambo cha lero si chotaya. Kale nyanja ya Malombe inkadzaza madengu ndi chambo. Chinatha ndi makoka a maso ang'onoang'ono, asodzi n'kutsala ndi kambuzi. Ndiye chimodzi chapulumuka zonsezo, chakula, chafika pa mbale yako, iwe n'kuchibweza ndi mutu womwe.

Za mtengo musandiuze, mtima wanga ndi wokalamba. Pepala la K5,000 litangotuluka mu 2022 tinkalimanga pa mfundo ya chitenje kawiri, kuopa kuti lingauluke. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 linayamba kupepuka, ndipo ndikumva kuti kumalo kwanuko limangogula moni ndi mpando.

Tsono musayese kuti agogo anu amadana ndi bandi. Inu mukudziwa chiyani za bandi? Alleluya Band inayamba ku Balaka mu 1978, mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici, wansembe wa ku Italy, amayi anu asanabadwe n'komwe. M'menemo ndi mmene munatuluka Paul Banda, amene pambuyo pake anatsegula situdiyo ya Imbirani Yahwe, kumene oimba ambiri anakajambulitsa nyimbo zawo zoyamba. M'menemonso ndi mmene anakulira mng'ono wake Lucius, Soja wa amphawi, asanayambitse Zembani Band. Dziko lonse linkavina kayimbidwe ka ku Balaka, ndipo ife a kuno tinkayenda modzitukumula ngakhale Balaka ili kutsidya kwa Shire. Tinkamvera pa kaseti. Mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa, tepi ikatafunidwa tinkaikulunga ndi bolopeni, n'kuyambiranso. Mzikiti ndi tchalitchi zinalibe nazo kanthu, wailesi ikalira pakhonde aliyense ankasendera. Lucius atamwalira ku Johannesburg pa 30 Juni 2024, ndinakhala pa mkeka uwu osalankhula ndi munthu mpaka dzuwa kulowa.

Anthu amenewa sanayambire m'mabwalo akuluakulu a masewero. Anayambira m'timaholo ta parishi ndi timalo ting'onoting'ono tonga kanu komweko, ndipo ankakula chifukwa anthu ankadzuka, kuvina ndi kuwafupa. Inu munatani? Anyamata aja anabwereka galimoto kunyamulira zida, anaimba mpaka malaya kumata pamsana, wa gitala maso ali psuu. Inu muli phee pamipando, ngati odwala pa benchi ya kuchipatala, dzanja limodzi foloko, linalo foni m'mwamba. Palibe anadzuka. Palibe anapita kutsogolo kukaponya ngakhale K500, kapena kumupachika woimba kandalama m'thumba la malaya kuti mnzake aone achite nsanje aponye yoposa. Woimba sadya zithunzi. Akafika kunyumba mkazi wake samufunsa kuti anakujambula angati.

Wamng'onoyu wandiuzanso kuti pakati pa nyimbo magetsi anathima, bandi yonse n'kungoti zii, kudikira kuti wina akagule mafuta a jenereta. Kodi manganje anayamba aima chifukwa cha magetsi? Anyamata akamatuluka ku ndagala, ng'oma timaiwamba pamoto wa mapesi, ikalira mudzi wonse umanyamuka: nkhalamba, apongozi, ndi uja amadandaula bondo chaka chonse. Fumbi limafika pamwamba pa mitengo ya mango. Mpunga ndi nkhuku zimadikira m'miphika, chifukwa tikudziwa kuti kuvina ndi ntchito, kudya ndi ntchito inanso, ndipo iliyonse imafuna munthu wathunthu. Inu mwaziphatikiza pamodzi, ndiye zonse ziwiri mwazilephera. Nsomba simunaimalize, nyimbo simunaivine. Munangobwerako ndi foni yodzaza ndi m'thumba mopepuka, n'kufika pano usiku kumagwedeza miphika yanga kufuna mkute. Inde, ndinamva. Chivundikiro chija chimalira.

Chimodzi chokha ndivomere, poti ndine munthu wachilungamo. Mnyamata wa ng'oma uja ali ndi dzanja. Ndinamuonera pa kagalasi kakang'ono ka foni, koma phazi langa linayamba lokha kugunda pansi. Ameneyo akapeza anthu omufupa adzafika patali. Ndi wa kwa yani? Simukudziwa. Simunafunse n'komwe dzina la bandiyo.

Choncho chigamulo changa ndi ichi, ndipo palibe apilo. Iwe mwamuna wanga, ulipira chindapusa cha shuga paketi imodzi, ndi masamba a tiyi. Mkazi mnzanga, mawa ukagula makumba kudooko, uwaphika wekha, ndipo udya mutu pamaso panga mpaka ndikhutire. Tsiku limene bandiyo idzaimbenso, mudzandiuze kudakali sabata kuti ndichape chitenje changa chabuluu. Kabaza sindikwera, mudzapeze galimoto. Tidzadyeratu pano nsima yeniyeni tisananyamuke, ndalama ya tchipisi ija mudzaisinthe ikhale ing'onoing'ono yofupira, ndipo mpando musadzandisungire, sindidzaufuna.